Ola limodzi la Khadija

Khadija Ajibu wakhala akunyamula mathileyi kwa zaka zisanu ndi zinayi pa hotela ina ku Al Sadd, mumzinda wa Doha. Ali kumbali ya maphwando: maukwati, misonkhano ya makampani, chakudya chomasulira swaumu m'mwezi wa Ramadani. Mitsempha ya m'miyendo inamutupa kalekale, ndipo akafika kuchipinda chimene amagonamo anthu anayi ku Al Asmakh, amayamba wanyika mapazi m'beseni asanapereke moni kwa aliyense.

Kwawo ndi ku Ntaja. Bambo ake anali ndi nyumba yoonetsera kanema pamsika, zenera lake lotchinga ndi bulangete, ndipo Khadija ndiye ankasesamo akaweruka kusukulu. Anthu ankafuna mafilimu omenyana. Iye ankadikira tepi imodzi yakutha, ya anthu oyenda m'chombo kupita ku nyenyezi. Chingerezi chake sankachimva, koma ankaikonda chifukwa anthu a mmenemo ankayenda modekha ngati kulibe wowathamangitsa. Bambo atamwalira nyumba ija inasanduka golosale. Khadija anakwatiwa, anabereka ana awiri, banja linatha, ndipo anawo anawasiya ndi mng'ono wake pamene ejenti anamupezera malo ku Doha.

Mtima wokonda za kumwamba sunamuchoke. Tsiku lina anaona chilengezo pafoni: kudzakhala msonkhano wa okonda nkhani zopeka za sayansi ku holo ina ku Onaiza, ndipo akufuna mavolontiya. Volontiya amalowa ulere. Tsikulo linali Loweruka, ofu yake yokhayo pa sabata.

"Mwatani kodi, asisi?" anafunsa Mwawi, mnzake wa bedi lapamwamba. "Sabata yonse mwaimirira, ndiye tsiku lopuma mukaimirirenso kwa eni ake?"

"Sindikukagwira ntchito. Ndikukaona."

Pa fomu panali funso la ntchito imene munthu amagwira, ndipo iye analemba zoona. Atafika m'mawa, woyang'anira mavolontiya, mayi wina wa ku Iguputo dzina lake Rania, amene masiku onse ndi dokotala wa mano, anawerenga baji yake n'kumugwira manja onse awiri.

"Ndiwe wa kuhotela uja? Mulungu ndi wamkulu," anatero m'Chingerezi. "Tiye ndikuonetse."

Anamutengera kuseri kwa holo, kuchipinda cha alendo, kumene olankhula pamsonkhano ndi ovala zovala za m'mafilimu ankabwera kudzapuma. Munali mavolontiya ena atatu, anthu a m'maofesi, aulemu ndithu, koma palibe amene anaphikirapo tiyi anthu oposa asanu. Makapu anawaika kutali ndi maketulo, shuga anali adakali m'katoni. Khadija anayang'ana kamodzi, manja ake n'kuyamba okha. Pofika teni koloko tiyi wa karaki, wamkaka ndi zokometsera, anali atapsa, khofi wa Chiarabu ali m'mafulasiki, tende, zipatso za kanjedza, zili m'mbale. Anzake aja ataona kuti zinthu zikuyenda, anazemba mmodzimmodzi kupita muholo.

Alendo ake anali achilendodi. Bambo wina anadzipaka nkhope yonse utoto wobiriwira ndipo sankatha kumwa m'kapu, mpaka Khadija anamupezera kapaipi. Mayi wina analowa atavala zida zankhondo za siponji, thukuta lili kamukamu, akupuma movutikira. Khadija anamumasula zingwe zakumsana n'kumukhazika pafupi ndi makina oziziritsa. Wina phiko linamuthothoka, ndipo Khadija analisoka ndi singano ya m'chikwama chake mwini wake akudya bisiketi. Anthuwa ankathokoza akumuyang'ana kumaso, zimene kuhotela sizichitika kawirikawiri. Koma kuimirira kunali komweko, ndipo kuseri kwa khoma ankangomva anthu akuwomba m'manja osadziwa kuti akuwombera chiyani.

Chimene anadzera chinali cha fili koloko. Mayi wina wophunzira za nyenyezi ankayenera kukamba za mmene anthu angadzakhalire pa dziko la Mars. Nthawi itayandikira Khadija anapukuta manja n'kukamupeza Rania.

"Madamu, ndinabwera kudzamva mayi a za nyenyezi aja."

Rania anachita manyazi. "Bwanji osanena m'mawa? Khalas, basi, pita. Ola lonse ndi lako, ndikhalamo ndine."

Pakhomo pa holo panaima mlonda wa imvi zapatalipatali, baji yake yolembedwa kuti Dauda. Anayang'anizana, ndipo mlondayo ndiye anayamba.

"Kodi si a kumudzi awa?"

"Ndine wa ku Ntaja, achimwene."

"Ine wa ku Ulongwe. Bwerani, kumbuyo kuno kuli mpando."

Muholo munali mdima ndi kamphepo kozizira. Mpando unali wofewa, wotsamira. Kutsogolo kunaoneka chithunzi chachikulu cha chipululu chofiira, miyala ili mbwee, ndipo mayi uja anayamba kulankhula ndi mawu otsika. Khadija anavula nsapato mobisa n'kupondetsa mapazi pa kapeti. Anamva zoti ulendo wake ndi wa miyezi yambiri. Anaganiza kuti mawu amenewa akamuuze Mwawi.

Anadzidzimuka ndi mawu a Dauda. "Achemwali, atha."

Magetsi anali atayaka, anthu akutuluka. Khosi linali litauma mbali imodzi.

"Bwanji simunandidzutse?"

"Ndinasuzumira kawiri. Mmene munagoneramo, mtima sunandilole."

"Nanga anena zotani?"

"Ine ndinali kunja kwa chitseko. Ndangomvako zoti madzi ndi ovuta kumeneko."

Khadija anakhala kaye pang'ono, akuyang'ana nsalu yoyera imene panali chithunzi chija. Sanalire, sanakwiye. Anavala nsapato n'kubwerera kuchipinda cha alendo, kumene anapeza mkaka utatayikira pansi ndipo Rania akulimbana ndi ketulo. Anamulanda n'kupitiriza mpaka dzuwa litalowa, pamene anatsuka mafulasiki ndi kumanga matumba a zinyalala.

Potsanzikana Rania anamupatsa satifiketi ndi malaya a msonkhano, n'kumupempha kuti chaka chamawa adzakhale mkulu wa chipinda chija. Khadija anangoti, "Inshallah."

M'sitima yobwerera anapeza mipando yonse yodzaza, ndipo anaimirira njira yonse atagwira chitsulo.

Mwezi wathawu Rania anamulembera kuti msonkhano wa chaka chino uliko mu Disembala. Imeneyo ndi nyengo ya maukwati, ndipo supavaiza anamuuza kuti za ofu adzafunsenso nthawi ikayandikira. Kontirakiti yake ikutha mu Malichi, mwana wake wamkulu akulemba mayeso a Fomu 4, ndipo sakudziwa ngati asaine ina kapena abwerere. Khadija anamuyankha Rania kuti aona mmene shifiti ikhalire.