Kufunsa dokotala kuti wachitapo kangati

Ndiyambe ndi kuyamika. Ndikuyamika Mulungu amene anaumba thupi ili ndi tiziwalo take tonse, ngakhale tija timachita manyazi kutitchula. Ndikumuyamika chifukwa cha anthu amene anawapatsa luso lokonza zowonongeka m'thupi, komanso chifukwa cha mayi a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi, amene anapeza njira yondiuzira zinthu zosauzika.

Tinkakhala ku Bradford, chapakati pa zaka za m'ma 2000. Mayi a kunyumba ndi amene anatsogola, anapeza ntchito ya unamwino m'wodi ya okalamba, ine ndinawalondola pambuyo. Kwathu ndinali mphunzitsi, kuno ndinkalongedza katundu m'makatoni. Mwana wathu woyamba nayenso ndi namwino, ndipo ankagwira ntchito ku Manchester.

Vuto linabwera mwakachetechete. Kutaya madzi, chinthu chimene munthu sachiganizira n'komwe, kunasanduka ntchito. Ndinkaima nthawi yaitali, madzi n'kumangodontha, ndipo ndikangotuluka ndinkamva kuti ndibwererenso. Ndisanakwere basi ndinkayamba ndaganiza kumene ndingatsikire zikandithina. Dokotala wa m'dera lathu anati ndi pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Kakakula kamafinya njira ya mkodzo. Anandiyeza magazi n'kunena kuti si khansa, ndipo tinagwada m'nyumba kuthokoza. Anandipatsa mapiritsi, anathandiza kwa kanthawi, kenako analeka.

Ananditumiza kuchipatala chachikulu. Dokotala wa kumeneko anali bambo wa imvi, wolankhula modekha. Atandiunika pamimba anandiuza kuti mkodzo wambiri ukutsalira m'chikhodzodzo, ndipo tikachedwa ukhoza kubwerera n'kuwononga impso. Anati njira zilipo ziwiri. Yakale, amalowetsa chida n'kupala mnofu umene watseka njira. Yatsopano, amagwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kotchedwa leza, kumene kumasungunula mnofuwo n'kumatseka mitsempha ya magazi nthawi yomweyo. Kenako anatsamira kumpando n'kundifunsa kuti ine ndikufuna iti.

Ndinayankha monga ndinaleredwera. Ndinati iwo ndi amene akudziwa, achite zimene akuona.

Anamwetulira n'kunena kuti thupi ndi langa, ndipite ndikaganize, ndikabwere ndi mafunso.

Ndinatuluka m'chipindamo mtima uli pansi. Kwathu dokotala amakuuza kuti gona apa, iwe n'kugona. Safunsa wodwala maganizo ake. Ndinaona ngati bambo uja, ndi imvi zake zonse, ntchito sakuidziwa bwino, n'chifukwa chake akufuna kuti zikalakwika mlandu ukhale wanga. M'basi yonse ndinkangoyang'ana nyumba zamiyala zodetsedwa ndi utsi wakale, ndipo pofika pakhomo n'kuti nditatsimikiza kuti sindibwererako. Ndinauza mayi a kunyumba kuti ndidikira pa Ambuye.

"Kudikira n'kwabwino, abambo," anatero. "Koma impsozo zamva kuti tikudikira?"

Ndinkapemphera ndithu, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Pa mapemphero athu a Amalawi a Lamlungu masana ndinkangoti, "Abale, mundikumbukire, m'thupi simuli bwino," iwo n'kuvomera amen osadziwa chimene akupempherera. Koma ndikawerenga Mawu ndinkapeza chinthu chimene chinkandisowetsa mtendere. Odwala ambiri amene anabwera kwa Ambuye ankayamba afunsidwa chimene akufuna. Ngakhale wakhungu, amene aliyense ankaona vuto lake, anafunsidwa. Ndinkatseka Baibulo n'kupita kukalongedza makatoni.

Loweruka lina mwana wathu anabwera pa sitima kuchokera ku Manchester. Amayi ake anali atamuuza zonse pa foni, ine ndinadziwa kuti amuuza, iyenso anadziwa kuti ndadziwa. Anandipatsa moni atagwada pang'ono monga mwa nthawi zonse, tinafunsana za ntchito ndi za kuzizira, kenako anazimiririka kukhitchini. Mwana wamkazi sakamba ndi bambo ake za kumunsi kwa lamba, ngakhale atakhala kuti tsiku lililonse amasamalira amuna odwala matenda omwewo. Choncho iye anakhala kukhitchini akusenda anyezi, ine pabalaza, mayi a kunyumba ataima pakhomo pakati pathu. Nyumba zija n'zazing'ono, mawu aliwonse ndinkawamva ndekha, komabe ankayenera kudzera mwa amayi ake.

"Amami, auzeni adadi kuti amamwa mankhwala a mtima aja oletsa magazi kuundana. Akafunse kuti njira yotaya magazi ochepa ndi iti."

"Akuti mukafunse za magazi."

"Ndamva."

"Auzeninso akafunse kuti kapaipi kotulutsa mkodzo kadzakhalamo mpaka liti. Ndiponso za... amami, inu mukudziwa."

"Akuti mukafunse za m'banja."

Ndinakweza wailesi pang'ono.

"Koma chachikulu, akamufunse dokotalayo kuti za lezazo wachitapo kangati ndi manja ake."

Apa ndiye ndinadzuka. "Muuzeni mwana wanuyo kuti ine sindinaleredwe choncho. Munthu waphunzira mpaka tsitsi kuyera, ine wolongedza makatoni ndikamufunse ngati amatha ntchito? Ndiye kuti mawa ndikafunsenso abusa ngati anabatizidwa?"

Mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira chitseko. "Akuti ndiwe wamwano," anatero chakukhitchini.

Mpeni unasiya kulira pa thabwa. Kenako mwana uja analankhula yekha, osadzera mwa munthu, koma nkhope osaonetsa.

"Adadi, kunoko akakufunsani maganizo si kuti sadziwa. Akukulemekezani. Inu mukapanda kufunsa amaganiza kuti mwamvetsa zonse. Ine ndimawaona azibambo amene anachita manyazi mpaka impso kufa. Sindikufuna kukuonani pa makina aja otsuka magazi."

Amayi ake anati, "Amenewa sindibwereza, mwawamva nokha."

Ndinapempha tsiku lina lokaonana ndi dokotala uja. Mayi a kunyumba anasinthana ndi mnzawo kuntchito kuti andiperekeze. Za magazi ndinafunsa bwinobwino, ndipo anavomera kuti kwa munthu womwa mankhwala ngati anga, leza ndi yabwinoko. Kenako linafika funso lija loti za leza wachitapo kangati. Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye atsegule pakamwa panga, ndinapepesa kawiri, kenako ndinafunsa ndikuyang'ana nsapato zanga.

Sanakwiye ngakhale pang'ono. Anati njira yakale waichita moyo wake wonse, koma leza wangoyamba kumene, ndipo atakhala iye wodwala sangadzisankhe yekha. Anati kuchipatala china ku Manchester kuli mnzake amene amachita zimenezi mlungu uliwonse, anditumiza kumeneko ngati ndikufuna. Ndinamuyang'ana kumaso koyamba. Munthu amene ndinkamuyesa wosadziwa ntchito anali woona mtima moti anandipereka m'manja mwa wina.

Mnzakeyo anali mayi, wamkulu pang'ono chabe kuposa mwana wanga. Nditalowa ndinatsala pang'ono kubwerera. Koma pakamwa panali patatseguka kale, ndipo ndinafunsa zonse, ngakhale za m'banja zija, mayi a kunyumba akuyang'anitsitsa chithunzi cha pakhoma ngati achigula. Dokotalayo sanandilonjeze zodabwitsa. Anati mphamvu za umuna kawirikawiri zimakhalapobe, koma ambiri mbewu imaleka kutuluka monga kale. Anati masiku oyamba ndidzamva kuwotcha potaya madzi, ndipo mwina patapita zaka mnofu ungamerenso. Za mbewuzo mayi a kunyumba anayankha m'Chichewa, maso akadali pakhoma: "Ana tinabereka kale, abambo. Tikufunanso a chiyani?"

Ndinasankha leza, ndinasankha mayi ameneyo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinasainira chinthu cha kuchipatala ndikudziwa chimene ndikusainira.

Tsiku la opaleshoni ndinapempha kamphindi koti ndipemphere asanandigoneke, ndipo onse anaima chete mpaka nditati amen. Ndinadzuka masana ndili ndi kapaipi, ululu wake wochepa kuposa umene ndinkaopa. M'mawa mwake namwino anachotsa kapaipiko, nandipatsa jagi ya madzi ndi botolo. Anati ndikataya madzi ndekha, chikhodzodzo n'kutsala chopanda kanthu, ndipita kunyumba. Zikakanika abwezeretsa kapaipi.

Ndinamwa madzi aja ngati mankhwala. Ndinadikira. Itakwana nthawi ndinakoka katani kuzungulira bedi, n'kuima botolo lili m'manja. Kunawotcha, inde, ndipo munali timagazi. Koma madzi anatuluka ndi mphamvu imene ndinali nditaiiwala, phokoso lake m'botolomo linamveka mpaka kuseri kwa katani. Pa bedi loyandikana panali mkulu wina wachizungu amene anagwira ntchito pa doko ku Liverpool, nayenso wodikira nthawi yake. Ndinangomva akuomba m'manja, akufuula kuti ndimusiyireko mwayi. Ine ndinaima pamenepo, bambo wamkulu, botolo lofunda m'manja, misozi ikutsika, ndikuyamika Mulungu chifukwa cha mkodzo. Namwino anaunika pamimba n'kunena kuti ndivale.

Inu amene mwawerenga izi, makamaka azibambo anzanga amene mukuvutika mwakachetechete, Ambuye akuchotsereni manyazi amene samachiritsa. Akupatseni madokotala onena zoona, ndi pakamwa potha kuwafunsa. Adalitse akazi anu ndi ana anu amene akusowa poyambira kukuuzani, asunge matupi anu kufikira ukalamba, ndipo mtendere wake ukhale m'nyumba zanu, kuno kuchilendo ndi kwathu komwe. Amen.