Tsiku Limene Perla Anadula Munthu Mawu

Perla Dimaano sanali munthu wamantha, ndipo aliyense wonena zimenezo sanamuonepo ali m'kalasi. Mkazi wochoka kwawo ku Batangas, ku Philippines, n'kudzaphunzitsa Chingerezi m'kamudzi ka anthu olankhula Chisipanishi m'mapiri a ku Jaén, kumene mitengo ya azitona yachuluka kuposa anthu, mantha angawadziwire kuti? Ana a pasukulupo anamuyesa sabata yoyamba, yachiwiri n'kumusiya.

Zambiri anazizolowera mosavuta. Anasiya kugogoda pa magolosale masana eni ake atatseka kukagona. Mimba yake inaphunzira kudikira nkhomaliro mpaka dzuwa kupendeka. Nkhope yake nayo inagonja, ikumapsopsonedwa tsaya ili ndi ili ndi anthu amene sanawaonepo chibadwire. Chisipanishi ankachitola paliponse, kwa ana, pawailesi, makamaka kwa mayi Encarna, eni nyumba imene ankakhala, amene pakamwa pawo pankapuma akagona basi. Pofika nyengo yokolola azitona, Perla ankatha kudzudzula wogulitsa nsomba mpaka mwini wakeyo kuseka.

Koma pagulu ankangoti duu. Kwawo anakula akudziwa kuti wamkulu akamalankhula umadikira amalize, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Tsono kuno ndani amamaliza? Anthu akudya, nkhani zitatu zimayenda nthawi imodzi, uyu akukuwa, uyo akuyankha funso limene sanafunsidwe. Perla ankakonza chiganizo chake bwinobwino, n'kuchigwira pakamwa kudikira mpata, mpaka chinkazizira ngati khofi woiwalidwa.

Tsiku lina mayi Encarna anabwerako kogula buledi nkhope ili gwaa.

"Mwanawe, khala pansi ndikutsine khutu. Mlamu wanga Amparo akuti chaka chamawa sakupemphanso."

Mayi Amparo anali mphunzitsi wamkulu pasukulupo, ndipo kuti Perla atsale kapena apite zinali m'manja mwawo.

"Ndalakwanji, mayi?"

"Kulakwa? Akuti ntchito umaitha kuposa onse. Koma akuti ukuvutika kuno, sutimva, mtima uli kwanu. Akuti kukusunga n'kukuzunza."

"Ine? Kuvutika?"

"Nanga munthu wongokhala ngati chifanizo cha m'tchalitchi timuganizire chiyani? Lamulungu akubwera kudzadya kuno. Pakamwapo usakapasiye kuchipinda."

Perla zinamupweteka, kenako zinamukwiyitsa. Mudziwo ankaukonda. Ankakonda ana ake aphokoso aja, mpweya wozizira wa m'mawa, ngakhale belu la tchalitchi losadziwa kuti anthu amagona. Kuchoka chifukwa cha ulemu wake womwe kunali kopusa, ndipo iye sanali wopusa.

Lamulungu linafika, mpunga wa nyama ya kalulu uli pakati pa tebulo. Bambo Fulgencio, amuna awo a mayi Encarna, anayamba za mvula ndi mtengo wa mafuta a azitona, mayi Amparo akuwatsutsa, mayi Encarna akutsutsa onse awiri. Perla anadikira. Mbale zinachotsedwa, khofi anabwera, iye akudikirabe. Kenako mayi Amparo anamucheukira ndi maso achisoni, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala.

"Perla, mwana wanga, ine ndikumvetsa. Kwanu n'kutali. Munthu asamakakamizidwe kukhala pamalo pamene..."

"Ayi!"

Dzanja la Perla linamenya tebulo, masipuni n'kulira. Iye mwini anadzidzimuka, koma analowa kale m'madzi, kunali kusambira basi.

"Mayi Amparo, mwalankhula kuyambira m'dzinja, lero mundimvere ine. Ndani anakuuzani kuti ndikuvutika? Munandifunsa? Ndimamva zonse, zonse! Ndikudziwa kuti bambo Fulgencio amanama za matumba a azitona amene anakolola, Lamulungu lililonse amawonjezera khumi."

"Iii, tamumvani mwanayu!" anakuwa bambo Fulgencio, khofi atatsala pang'ono kuwatsamwa.

"Sindinamalize, bambo! Kwathu munthu wodula mkulu mawu timati sanaleredwe. Ndakhala ndikukupatsani ulemu miyezi yonseyi, inu n'kumati ndikudwala. Ine sindikupita. Ana aja ndawayambitsa ndine, ndiwamalizitsa ndine."

Chisipanishi chake chinali chophotchoka, mawu ena akugwa chagada, ena akusowa n'kulowetsapo manja. Koma palibe amene anafunsa kuti akutanthauza chiyani. Mayi Encarna anapinda manja pachifuwa, akuyang'ana mlamu wawo monyadira ngati kuti mawuwo anaphika ndi iwo.

Mayi Amparo anali atamusiya Perla kulankhula mpaka kumaliza. Anthu a m'mudzimo amati zimenezi sizinachitikepo.

Perla anakoka mpweya, mtima uli mbee. Anali ndi zina zambiri zoti anene, zimene anasunga kuyambira tsiku limene anafika.

"Ndiponso nkhani ya mabuku a ana a kalasi yachitatu, ine ndikuona kuti..."

"Mabuku amene aja ndi achabechabe, ndinanena kalekale!" anamudula mayi Amparo, mawu ali pamwamba, chala chikugogoda tebulo. "Chaka chamawa usankhe wekha ena, koma usandibweretsere a zithunzi zokhazokha, wamva?"

"A zithunzi ndiwo abwino!"

"Abwino kwa ndani?"

"Azitona anga alowa bwanji m'nkhani zanu za sukulu?" anatero bambo Fulgencio, koma palibe amene anawamva.

Anakangana mpaka khofi wachiwiri, awiriwo akulankhula nthawi imodzi, wina osalola mnzake kumaliza. Mkangano uli pakati m'pamene Perla anazindikira kuti mayi Amparo anati chaka chamawa. Anafuna kuthokoza mwaulemu monga anaphunzitsidwira kwawo, koma mpata panalibe, ndiye anangokweza mawu n'kupitiriza kutsutsa.