Zala Zinayi za Mohbegim

Mohbegim, mnzanga woyandikana naye nyumba kuno kumapiri a Pamir, anaduka chala ali mtsikana. Nyengo yotentha amaumba ndowe za ng'ombe n'kuzimata pakhoma kuti ziume, iliyonse ili ndi chidindo cha zala zinayi. Ine ndinkamuseka kuti sapuma.

Chaka chatha chisanu chinakana kutha, ndowe zanga zosonkhera moto n'kutheratu. Mohbegim atapita kumtsinje kukaswa madzi oundana, ndinakatapa zake n'kuzibisa m'malaya.

Masana anabwera kudzamwa tiyi wamchere. Anatola ndowe imodzi pafupi ndi mbaula yanga n'kuikapo dzanja. Linakwana ndendende m'chidindo chija.

"Amake Nekruz, ponyanipo ziwiri, ana akunjenjemera," anandiuza. "Mawa mubwere ndi thumba. M'malaya mumalowa zingati?"

Ndinatola ndowe ziwiri n'kuziponya pamoto.