Paipi Yomanga ndi Malegeni

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa Novembala kotulutsa thukuta munthu atangokhala. Mitambo inali itaunjikana pamwamba pa mapiri, mabingu akumveka patali cha ku Chiparamba. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango, chigayo cha kumunsi chikugunda. Ine ndinali pakhonde kuyang'ana ngalande yodutsa kutsogolo kwa nyumba yanga m'komboni ya Nabvutika. Ndinkadziwa kuti mvula ikagwa, zimene zinagwa pakhomo panga dzinja lapitalo zigwera wina.

M'ngalandemo munkadutsa paipi yopereka madzi ku mapompi a mzere wathu. Inali yakale, ndipo inang'ambika pamalo pomwe madzi a m'mabafa ndi osefukira m'zimbudzi amakumana nthawi ya mvula. Tikakanena ku kampani ya madzi, antchito ankabwera, kudula chubu cha njinga, n'kukulunga pong'ambikapo. Malegeni amenewo ankagwira ndithu madzi akamayenda. Koma madzi akatsekedwa, paipi yopanda kanthu inkayamwa za m'ngalande. Izi ndinazidziwa mochedwa.

Mkazi wanga anali mwana wa mphunzitsi wa pamishoni, munthu waukhondo kwambiri. Madzi a pachitsime ankawawiritsa mpaka ana kudandaula kuti akununkha utsi. A papompi ayi. "Awa ndi othira kale mankhwala," ankatero, ine n'kuvomereza. Tonse mumzeremo tinkaganiza choncho. Kuwiritsa madzi a papompi kunali ngati kuchapa sopo. Mkazi wangayo anayamba kutsegula m'mimba mvula ili pakati. Ku kiliniki anamuika dilipu, koma thupi linali litatheratu madzi. Sabata yomweyo tinamuika m'manda.

Sindinafulumire kuloza munthu chala. Ndinapemphera, ndinafunsa. Wa zaumoyo wina amene anabwera kudzapopera mankhwala m'makomo ndiye ananditengera pangalande n'kundifotokozera za malegeniwo. Chilimwe chonse ndinkapita ku ofesi ya kampaniyo. Ankandilandira mwaulemu, kundipatsa mpando, n'kunena kuti, "Tamva, atate." Sindinkafuna chipukuta misozi. Ndinkafuna paipi yatsopano mvula isanagwe.

Ndiye tsiku lotentha lija galimoto ya kampaniyo inaima pangalande. Munatsika kapitawo wa imvi zapatalipatali, ndi antchito awiri. Mmodzi anali atakoleka chubu pakhosi.

"Muli bwanji, a mdala?" anatero kapitawoyo. "Tabwera kudzaona kapaipi kanu kaja."

"Yatsopano ili kuti?"

"Imeneyo ili m'njira. Manje timange kaye, isamataye madzi."

Wa chubu uja anaseka. "Lero si cha njinga, a mdala, ndi cha galimoto. Takukwezani pa udindo!"

Ndinawaitanira pamthunzi wa mango. Kwathu munthu wochokera padzuwa amapatsidwa madzi asanayambe nkhani, ndipo madzi sakanidwa. Ndinatenga makapu, n'kutunga papompi yanga iwo akuona. Kapitawo analandira ndi manja awiri. Anayang'ana m'kapumo, anayang'ana kungalande, ndipo kapuyo inangokhala pabondo pake. Koma wanthabwala uja ludzu linali litamugwira, anaikweza kukamwa. Ndinamugwira dzanja, madzi n'kutayikira pa ovololo yake.

"Musamwe, mwana wanga."

"Ah, nanga mwatipatsiranji?"

"Kuti muwagwire m'manja. Inu ndakugwirani dzanja. Mkazi wanga panalibe womugwira."

Ndinalowa m'nyumba n'kuwatengera owiritsa a mumtsuko. Anamwa. Kenako kapitawo anafunsa chapansipansi, "Kodi maliro aja a dzinja anali pakhomo pano?"

"Anali pano."

Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Amene tinamanga apa ndife tomwe, atate. Timagwira ndi zomwe atipatsa kusitolo ya kampani."

"Ndamva. Koma lero simumanga. Tsekani mzere wonsewu mpaka paipi ibwere."

"Azimayi a muno akudyani wamoyo."

"Andidye, bola ali moyo."

Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauza, n'kukaima m'ngalandemo pong'ambikapo. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo anthu sanazolowere kundiona m'matope. Anayamba kusonkhana. Kapitawo anaimba foni kwa akuluakulu ake, akuyendayenda uku ndi uku, mawu akukwera. Pomaliza anatenga chitsulo chake chotsekera n'kupita kumutu kwa mzere.

Sananame. Azimayi anandidya ndithu. Ankasenza zigubu kuchokera ku kiyosiki yogulitsa madzi ya kumsika, ndipo akamadutsa pakhomo panga ankalankhula mokweza kuti ndimve. Mayi wina wa mumpingo mwathu anandiuza maso ndi maso kuti chisoni chandisokoneza mutu. Ndinabwereka njinga n'kumatungira okalamba a mumzeremo, m'mawa n'kumapitabe ku ofesi. Tsopano mzere wonse unali wouma, ndipo odandaula kumeneko sindinalinso ine ndekha.

Paipi inabwera mvula yoyamba itagwa kale, koma ngalande isanadzaze. Anaidutsitsa pamwamba, m'kati mwa chitsulo, kutali ndi madzi oipa. Anali anthu atatu omwe aja. Atamaliza, kapitawo anabwera pakhonde, anagwada pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Atate, mawu ndilibe. Pepani."

Ndinaganiza za mkazi wanga, ndinaganizanso za munthu wotumidwa kukakonza paipi atapatsidwa chubu basi. Kwa miyezi yambiri, popemphera Pemphero la Ambuye, ndinkafika pa mawu a kukhululukira amangawa athu n'kutseka pakamwa. Sindinkafuna kunama pamaso pa Mulungu. Masana amenewo ndinaona kuti ndingathe kuwanena.

Ndinamuuza kuti adzuke, akhale pampando. Iye, anzake awiri aja, ndi a mu ofesi amene ankangoti amva, onsewo ndinawakhululukira.