Tsiku lomwe ndinatchola tiyi ngati mpiru

Ndikukumbukira Lolemba lina la mwezi wa Disembala, chaka cha 1956, ndili patchuthi. Ndinkatsatira amayi m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Phiri linali litafunda mtambo, ndipo munda wonse unkanunkhira nthaka yonyowa.

Tinkakhala ku malayini, m'nyumba ya kampani, ndipo chotisunga mmenemo chinali dengu la amayi. Mwezi umenewo chala chawo chachikulu chinali chitatupa, moti a Namakhwa, kapitawo wathu, anali atawachenjeza kawiri chifukwa cha masamba osasankha bwino. Kachitatu kakanatanthauza kumanga katundu. N'chifukwa chake ananditenga kuti ndikawathandize.

Palibe anandiuza katcholedwe kake. Mwana wobadwira pa esiteti ankamuyesa kuti amabadwa akudziwa, ndipo ine, amene ndinkachita manyazi ngakhale kupempha mchere, sindinafunse. Chomwe ndinkadziwa ndi dimba. Mpiru umathyola masamba akuluakulu a m'mbali, n'kusiya mtima kuti ukule. Choncho ndinatchola masamba okhwima, obiriwira bii, n'kumalambalala tinsonga tanthete mosamala ngati ndikudutsa pa khanda logona. Dengu linadzadza msanga. Ndinanyada.

Mumzere woyandikana nafe munali malume anga a Likaka, munthu woseketsa munda wonse. Ankakonda kunena kuti anathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, koma atafika kuno anaipeza itatsogola, ikuwadikira pachipata itavala kabudula. Atasuzumira m'dengu langa anandifunsa:

“Felesiya, mwanawe, awa ndi a ndiwo kapena ofolerera nyumba?”

Amayi anabwera, nawonso anasuzumira. Sanandikalipire. Anangokhala pansi m'ngalande, atagwira chala chawo chija. Theka la masamba anga ndinali nditalikhuthulira kale m'dengu lawo, ndipo belu la kusikelo linali litalira.

Titafika kusikeloko, a Namakhwa anapisa dzanja m'dengu la amayi, n'kutulutsa tsamba lalikulu ngati khutu la mbuzi.

“Mayi, kachitatu aka.”

Mawu anga anatuluka ndisanawalole. “Ndine, bambo. Ndimasiya mtima kuti ukule.”

“Mtima wa chiyani?”

“Wa tiyi. Ngati mpiru.”

Malume analowererapo. “A kapitawo, musamunyoze mwanayu. Zaka zonsezi kampani ikufuna munthu wachifundo, lero yam'peza. Kungoti chifundo chake chapita ku mitengo, ife chatidumpha.”

Anthu a pamzere anaseka. A Namakhwa anayesetsa kulimbitsa nkhope, koma ndevu zinawapereka. Anatiuza kuti tikhuthule pansi pa mtengo, tisankhe tsamba limodzilimodzi, ndipo anati za lero sanazione. Koma mawa akadzapeza ngakhale limodzi lokhwima, adzaliona ndi maso onse awiri. Tinasankha mpaka dzuwa kupendeka, malume akutithandiza uku akudandaula kuti sanabwere ku Nyasalande kudzasankha ndiwo. Kenaka malume ananditcholera kansonga n'kundiika m'dzanja: masamba awiri ndi kamphukira kofewa pakati.

Masiku ano ana salowanso m'munda wa tiyi, ndipo ndi bwino. Otchola ena amameta ndi makasi aakulu, tsamba lililonse likugwera m'thumba osalifunsa msinkhu. Adzukulu anga amafunsa mafunso mpaka mutu kuwawa, ndipo sindiwaletsa, poti ndikudziwa kuti kukhala chete kunatsala pang'ono kutigonetsa panja.

Madzulo a tsikulo ndinakhala pakhonde ndi kabuku kanga, kope lotsala kusukulu momwe ndinkalembamo zomwe pakamwa pankalephera kunena. Ndinalemba mzere umodzi ndi zala zobiriwira: “Mawa, ndisanagwire mtengo uliwonse, ndidzapita kwa malume anthu onse akuona, ndi kuwafunsa mokweza kuti andionetsenso.”