Masitampa a Njiri ku Ntaja

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhonde la positi ofesi ku Ntaja. Munthu wogulitsa pakhonde amamva zonse zam'kati. Atangomva kuti akufuna atsikana awiri ogwirizira pakauntala, anandiimbira foni ndili kwathu ku Balaka, kumene setifiketi yanga ya fomu folo inali itagona pansi pa matiresi chaka chathunthu.

"Agnesi, siya zonse ukwere minibasi," anatero. "Koma siketi yako yaifupi ija uisiye konko. Kuno si ku Balaka."

Abwana a ofesiyo anali a Makwinja, bambo wofatsa amene sankakonda phokoso. Anatilandira awiri, ine ndi Halima, mtsikana wa konko ku Ntaja, ndipo sanatibisire kanthu. Mpando wokhazikika unali umodzi. Pakatha miyezi itatu kudzabwera mkulu wochokera ku likulu kudzaona kagwiridwe kathu, mmodzi adzatsala, winayo adzabwerera kwawo. Ndinamuyang'ana Halima, iye n'kundimwetulira. Kumwetulira kumeneko sikunandisangalatse ayi.

Ntchito yake si yovuta ukaiona patali. Umalandira envulopu, kuiika pasikelo, kung'amba sitampa potsata timabowo take kuti mano asaduke, kuimata pakona yakumanja chakumwamba, kenako kudinda. Chidindo ndiye chimafuna dzanja. M'mawa umayamba watembenuza timawilo ta deti, n'kuyesera papepala. Inki ikachuluka chimathimbirira, ikachepa deti siioneka. Chiyenera kugwira sitampa pang'ono ndi envulopu pang'ono, kamodzi kokha, phaa! Ine ndinkayesera pa manyuzipepala akale mpaka mkono kuwawa, ndipo ndinene mosadzichepetsa, chidindo changa chinali chokongola kuposa cha Halima. Chake chinkatuluka ngati phazi la nkhuku m'matope. Koma palibe munthu amaima pamzere chifukwa cha chidindo.

Sabata yachiwiri kunabwera masitampa atsopano a nyama zam'dziko muno, zomwezi zimene zili m'nkhalango ya ku Liwonde. Panali nkhwazi itatambasula mapiko, mphalapala ya nyanga zopindika, ndi njiri itagwada, mano ali mbee. Onse anali a mtengo umodzi, ndipo anajambulidwa bwino kwambiri moti njiriyo unkatha kuiwerenga njerewere zakumaso. A Makwinja anatsegula paketi, nayamba kugawa mapepala a masitampawo, aliyense m'dirowa yake. Halima anampatsa nkhwazi ndi mphalapala. Ine anandikankhira njiri zonse.

"Inu ndinu Mkatolika, sizikuvutani kuzigwira," anatero, n'kubwerera m'kachipinda kawo.

Ndinati zikomo. Ndinali mlendo, ndinkafuna kuoneka mwana womvera.

Ku Ntaja anthu ambiri ndi Asilamu. Kwa iwo njiri ndi nkhumba basi, kaya ikhale m'khola kaya m'tchire. Ndiye tangoganizani, munthu aitenge, aiike pa lilime, aimate pa kalata yopita kwa mwana wake. Mbiri inafala msika wonse sabata isanathe. Anyamata a kabaza ankati akamatsitsa munthu pakhomo amamulangiza kuti, "Mupite zenera lakumanzere. Lakumanjalo ndi la nguluwe." Lakumanjalo linali langa.

Ndinayesetsa. Ndinagula kasiponji, n'kukaika m'kambale ka madzi kuti ndizimata ndekha, munthu asanyambite. Ndinaphunzira moni wa Chiyao kwa azakhali. Ndinayesanso kudinda pamphuno penipeni pa njiriyo kuti ibisike, koma a Makwinja anandiletsa, ati nyama ya dziko siidindidwa kumaso. Amene ankabwera kwa ine anali abambo mfumu a kuparishi, aphunzitsi angapo, ndi alimi ena a ku Nsanama, amenenso ankagula akutukwana. "Iyi ndiye inatimalizira chinangwa chaka chatha," anatero mmodzi. "Lero boma laijambula chithunzi. Ife liti?"

Nthawi yotsalayo ndinkangokhala, n'kumamuonerera Halima. Nsanje ndimaidziwa ine, imakhala pamwamba pa mimba ngati mbatata yosapsa. Mzere wake unkafika pakhonde. Ankaseka ndi amayi, kufunsa za ana awo ali ku Joni, kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Amayiwo ankamubweretsera mango. Anaona kasiponji kanga, nakagula kake, ndipo anthu anayamba kumuyamika kuti mwana wa nzeru uyu. Chondipweteka kwambiri chinali chakuti sanandilakwirepo. Mango aja ankandigawira. Ndinkadya, chifukwa njala inalipo, koma mtima uli chakuda. Madzulo ndinkawadandaulira azakhali kuti mtsikana ameneyu ali ndi mankhwala. Iwo ankangoti, "Mankhwala ake ndi nkhwazi, iwe. Kauze abwana ako." Ine ndinkati ayi, mkulu uja akadzabwera adzaona yekha amene amadziwa ntchito.

Mkuluyo anabwera Lachisanu lina m'mwezi wa Ramadani, kukutentha kwadzaoneni. Anali mayi wamtali wa magalasi. Anakhala pampando kumbuyo kwathu, manja atapinda, osayankhula. Anthu anali ambiri chifukwa aliyense ankafuna kumaliza asanapite ku mzikiti. Onse anali kwa Halima. Ine ndinakonza dirowa, ndinapukuta sikelo, ndinaipukutanso.

Kenako panalowa gogo wina wa mkanjo woyera ndi ndodo, Che Mussa. Anayang'ana mzere wautaliwo, nayang'ana miyendo yake, n'kubwera kwa ine. Ndinawapatsa moni wa Chiyao, iwo anaseka, nandiyankha bwinobwino. Kalata yawo inali yopita kwa mdzukulu wawo wa kusukulu ku Mangochi. Ndinaiika pasikelo, ndinang'amba sitampa mwaukhondo, ndinanyowetsa siponji.

"Taimani kaye, mwanangu," anatero. "Ndione."

Anaiyandikiza kumaso nthawi yaitali.

"Iyi si nguluwe iyi?"

"Ndi njiri, anganga. Ya kuno kwathu komwe, ku Liwonde."

"Njiri, nguluwe, amayi awo ndi mmodzi." Anthu pamzere anaseka. Iwo sanakwiye, anayankhula mofatsa. "Iyayi, mwanangu. Kalata iyi yayamba ndi dzina la Mulungu. Singayende itabereka chimenechi. Ena mulibe?"

Ndinalibe. Ndinaima pamenepo, siponji ikudontha m'dzanja, ndikumva maso a mayi uja pamsana panga. Gogoyo anayamba kutenga envulopu yake kuti akaime kumapeto kwa mzere padzuwa.

Halima sanayang'ane n'komwe kumbuyo. Anang'amba nkhwazi imodzi, naitsetsereza pakauntala mpaka kwa ine, akupitiriza kucheza ndi mayi amene ankamuthandiza. Ndinaimata. Ndinadinda chidindo chabwino kuposa zonse zimene ndinadindapo, deti ikuoneka mbee, phiko la nkhwazi losakhudzidwa. Che Mussa anaweramira zenera linalo nati, "Sikomo, abiti." Anathokoza Halima, osati ine.

"Mwaona, a Makwinja?" anatero mayi uja, mawu ake oyamba tsiku lonselo. "Maso ali pa kasitomala wake, khutu lili kwa mnzake."

Titatseka mayi uja anatiitana m'kachipinda. Sanazungulire. Halima atsala, ine ndimalize mwezi. Apo ndiye pakamwa panga panatseguka, misozi ili m'maso. Ndinanena zonse, za kagawidwe ka masitampa, za anyamata a kabaza, za zenera la nguluwe. Ndinati andipatse nkhwazi sabata imodzi yokha aone.

Mayiyo anatembenukira kwa a Makwinja. A Makwinja anakanda m'mutu.

"Ine ndinkangofuna kuti mwanayu asavutike kuzigwira," anatero. "Inuyo munati zikomo. Bwanji simunanene?"

"Miyezi itatu muli chete?" anandifunsa mayiyo. "Ndiye tsiku lina thumba la makalata likadzabwera long'ambika, mudzanenanso pakatha miyezi itatu?"

Halima anali atagwira pakamwa, ndipo ndinaona kuti kudabwa kwake sikunali kwachiphamaso.

"Achemwali, ine ndinkayesa munazisankha nokha," anatero. "Mumaziyang'ana tsiku lonse. Mukanandiuza, bwenzi titagawana. Ine pepala ndimagwira, sindidya ayi."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa kuchotsedwa ntchito. Ine ndinali pankhondo miyezi yonseyo, osagona tulo, pamene mdani wangayo sankadziwa n'komwe kuti kuli nkhondo.

Ndinabwerera ku Balaka. Patapita nthawi ndinapeza ntchito pa sitolo ya mabuku ndi zolembera, ndipo pano ndine woyang'anira. Chimene ndinatenga ku Ntaja n'chimodzi: katundu akamagawidwa, yankhula pomwepo paketi ikadali yotsegula, ndipo uyankhule kwa wogawayo. Atsikana atsopano ndimawauza tsiku loyamba kuti zikomo wa mantha sindimufuna. Amene waona kuti ndamupatsa shelefu yosayenda malonda anene lero.

Za nsanje sindinama kuti zinatha. Halima pano ndi bwana pa positi ina, ali ndi nyumba ya malata ofiira, ndipo ndikamva anthu akumuyamika zimandiwawabe. Chaka chatha tinakumana pa depoti ku Liwonde. Anandikumbatira ndi chimwemwe chenicheni, nauza mwamuna wake kuti, "Awa ndi amene anandiphunzitsa kudinda." Sindinamuphunzitsepo ine. Ankangondionerera pamene ine ndinkamuonerera iye.