Galimoto Yokokedwa Ngati Khoka

Galimoto ya malume inagona m'chisakasa zaka zonse zimene iwo anali ku Halale. Anaigula kwa mzungu wa thonje atangobwera kuchokera ku nkhondo, kumene anali dalaivala, ndipo njala ija itavuta anaikweza pazipika n'kupita kukafuna ntchito. Asananyamuke anatenga nkhafi n'kuipanikiza pakati pa mpando ndi chopondera cha kilatchi, kuti chikhale chopondeka mpaka adzabwere. Sanauze munthu chifukwa chimene anachitira zimenezi. Malume ndi otero, amayesa kuti zimene akudziwa iwo dziko lonse likudziwa.

Koma kwathu kunyanja nkhafi sikhala chabe. Akazi awo ataona nkhafi yabwinobwino ikungogona m'galimoto, pamene ya mlongo wawo inali itathyokera pamadzi, anaisolola n'kumupatsa. Nsomba zimene nkhafiyo inabweretsa tinadya tonse.

Malume anabwera dzuwa litafika poipa, mvula isanagwe, kudzakwatitsa mwana wawo wamkazi, msuweni wanga. Ine ndinali pakhomo chifukwa kusekondale anali atandipumitsa pang'ono pa nkhani ya chule ndi chipewa cha aphunzitsi a Chilatini. Msuweniyo anali atalengeza kale pachitsime ponse kuti iye ku tchalitchi cha ku Salima adzapita pa galimoto ya bambo ake, osati pangolo ngati thumba la mpunga. Anzake ankamuseka kuti adzakwera khola la nkhuku. Akanapanda kukwera Loweruka la ukwatilo, sindikudziwa kuti akanatunga kuti madzi.

Ntchito inali yotopetsa, ndisaname. Tinatulutsa zisa za nkhuku, za makoswe, ndi mavu amene anandikumbukira pakhosi. Tinapopa matayala mpaka mikono kuchita dzanzi. Injini tinaipukusa ndi handulo masiku angapo isanavomere, ndipo itadzuka malume anamwetulira koyamba chibwerere. Kenaka anaponda kilatchi kuti alowetse giya. Inangolira kwee, ngati munthu akunola chikwanje pamwala. Anayesanso, chimodzimodzi. Anayang'ana pansi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti nkhafi ija ili kuti. Akazi awo anayankha kuti ili kunyanja, kumene nkhafi zimakhala.

Malume sanakalipe. Anangondifotokozera ine, poti ndine ndinali pafupi, kuti chinyontho cha kunyanja chadyetsa dzimbiri, ndipo mbale ya kilatchi yamatirira ku chigudumu cha injini. Ukaponda, siilekana. Tinathira palafini, tinagogoda, tinagwedeza galimoto uku ndi uku. Ndinagona kunsi kwake pamchenga wotentha mpaka msana kusupuka. Kumasula zonse kunafuna zida zimene tinalibe. Lachisanu linatipeza tili pomwepo, malume maso ali gwa, ndevu zili mbuu ndi fumbi.

Njira inatsala imodzi: kuzimitsa injini, kuika giya yaikulu, munthu n'kuponda kilatchi osasiya, ena n'kukoka mwadzidzidzi mpaka dzimbiri lithyoke. Ng'ombe zinali kutali. Malume anapita kugombe kukapempha amuna okoka khoka, amene anali atangotsiriza ntchito yawo ya m'mawa, manja ali otupa kale. Anavomera chifukwa cha ukwati. Anabwera ndi zingwe zawo zomwezo, n'kuzimanga kutsogolo, n'kufola mizere iwiri pamsewu wouma monga amachitira pamchenga. Malume anagwira nawo chingwe. Ine anandiika pachiwongolero poti ndinali wopepuka.

Anayamba nyimbo yawo yokokera. Galimoto inanjanja, matayala akukhukhuluzika, injini ikubuula mokana. Tisanafike n'komwe pamlambe wa kumapeto kwa mudzi, ndinamva kunsi kwa phazi langa kuti tswa, ndipo galimoto inapepuka. Kilatchi yamasuka. Nyimbo inabisa phokosolo.

Tsono ndifunse, ndani mwa inu anakokedwapo ndi mudzi wonse atakhala pampando wachikopa? Phazi langa lina linapita lokha pa buleki. Ndinaponda pang'ono pokha, kuti ilemere monga kale. Anandikoka kudutsa pachitsime, azimayi ataima ndi mitsuko, ine ndikukweza dzanja pang'onopang'ono ngati bwanamkubwa. Anandikoka kudutsa pasukulu ya ana. Nyimbo inayamba kuchepa mawu, kenaka inatha, kunangotsala kupuma kwa anthu.

Malume anasiya chingwe n'kukhala pansi m'fumbi momwemo. Anati basi, anthu asafe chifukwa cha chitsulo, wina apite akabwereke ngolo.

Msuweni wanga ankayenda pambali ndi ndowa ya madzi akumwa. Anaitula, n'kulowetsa mutu pawindo. Sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana mapazi.

"Iwe, phazi ilo likutani pamenepo?"

"Likupuma, mkazi wanga. Nalonso latopa."

"Mkazi wako ndi chule uja anakuchotsetsa sukulu. Tamvera. Mawa ndikakwera ngolo, amuna awa ndiwauza lero lomwe, ndipo akakuponya pakati pa nyanja ndi zingwe zawo zomwezi."

Ndinatulutsa mutu n'kupempha mwaulemu wonse wa mwana wa sukulu kuti a malume, tiyeseko kamodzi kokha, ndamva ngati china chake chikugwedera. Amunawo anadzuka mong'ung'udza, analavulira m'manja, nakoka ndi mphamvu zawo zotsiriza. Ndinachotsa phazi pa buleki. Mizere yonse iwiri inagwa chagada, malume pansi penipeni.

Palibe anakondwera mokweza. Anagona pomwepo akuyang'ana kumwamba, mmodzi n'kunena kuti khoka la chambo ndi lopepuka.

Loweruka msuweni anakwera, anadutsa pachitsime pang'onopang'ono, khosi lili njo. Mpaka lero malume amauza alendo kuti dzimbiri la kunyanja silimva palafini, limamva amuna, ndipo ine ndimavomereza ndi mutu. Pobwerera ku Halale anapanikizanso nkhafi ina, yatsopano, n'kuimanga ndi waya. Akazi awo anaiyang'ana n'kunena kuti ndi mtengo wabwino.